Seva Yachiwiri ya Ndaziona

Mpingo wa kwawo kwa Ndaziona, chakumadzulo kwa Kabudula, utatsala pang'ono kukwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, komiti ya chikondwerero idagwirizana kuti pa tsikulo paonetsedwe kanema wa mbiri ya mpingowo. Za amene agwire ntchitoyo sadakangane. Aliyense ankadziwa kuti mwana wa malemu aphunzitsi a Davie amagwira ntchito ku Lilongwe, pa kampani yobwereketsa masikirini aakulu m'misonkhano, m'maukwati ndi m'mabwalo a zoimbaimba. Mayi ake, a Febe, ndi amene ankafalitsa zimenezi, makamaka akakumana ndi amayi anzawo a Chigwirizano.

Ndaziona adavomera mokondwa. Kwa miyezi iwiri ankabwera kumudzi Loweruka lililonse ndi kamera, kujambula okalamba amene adaumba njerwa za tchalitchi choyamba, kutolera zithunzi zakale zomwe anthu ankasunga pansi pa masutikesi. Abwana ake adamulola kutenga sikirini imodzi ndi makina awiri, komanso galimoto yoti ikamusiye Loweruka n'kudzamutenga Lamlungu madzulo.

Adafika dzuwa la Okutobala lili pamutu, mabokosi onse atatuwa ndi fumbi la msewu wa ku Nsaru. Pakhomo pa tchalitchi adapeza a Yosefe akumudikira. Bamboyu adali mlimi wa fodya ndi mtedza, wa zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, mnzawo wa malemu bambo ake. Kwa zaka makumi awiri ndi iwo amene ankasamala zokuzira mawu za mpingo, jenereta ndi mabatire a sola. Palibe chomwe ankalandirapo. Ankangozikonda zamawaya.

Adamuthandiza kupachika sikirini kutsogolo, pambali pa gome. Kenako adaima n'kumayang'ana makina awiri akuda omwe Ndaziona adawaika pa tebulo kuseri kwa sikiriniyo.

"Nanga awiriwa, ofanana chonchi, onse ndi antchito?"

"Awa ndi maseva, bambo," adatero Ndaziona. "Yoyambayi ndi imene imatumiza kanema pa sikirini. Yachiwiriyi imangoyenda nayo limodzi mwakachetechete. Mwakaona kawaya kalumikiza ziwirizi? Sekondi iliyonse yoyamba imauza inzake kuti ikadali moyo. Ikangosiya kuyankhula, yachiwiri imalanda sikirini nthawi yomweyo, kanema n'kumapitirira. Anthu sazindikira n'komwe kuti china chake chafa."

A Yosefe adagwedeza mutu pang'onopang'ono, akutsata kawaya kaja ndi chala.

"Ndiye zonsezi muzilumikiza ku jenereta yangayi?"

"Eya."

"Nanga jenereta ikatsokomola? Si zifa zonse limodzi, eti?"

Ndaziona adatembenuka kuyang'ana makina aja. Kutauni ankayenda ndi bokosi losunga magetsi, koma ulendo uno adalisiya poti linkagwira ntchito ku ukwati wina. Sadaganizepo za zimenezi mpaka mlimi wa fodya atafunsa.

"Mabatire a sola aja ngodzaza," adapitiriza a Yosefe. "Zonse sangazithe, koma sikirini, sipika imodzi ndi yachiwiri yanuyo angazinyamule. Yoyamba ikhale ku jenereta. Aliyense azidya kwake."

Adachita zomwezo. A Yosefe adanyamula okha mabatire awiri olemera kuchokera m'kachipinda kosungiramo katundu, thukuta lili kamukamu, n'kuyala mawaya mwaudongo m'mbali mwa khoma kuti ana asapunthwe.

Pomwe ankamaliza, m'tchalitchi mudali mutalowa anthu. A komiti adabwera, mlembi wa mpingo a Nasoni ali patsogolo. Anzake a Ndaziona akupulaimale, Emily ndi Sofia, adafika ana ali kumsana. A Febe adakhala pa benchi yoyamba manja atapinda, nkhope ikuwala. Ndaziona adayatsa seva yoyamba n'kuonetsa chiyambi cha kanema uja. Chithunzi cha tchalitchi chaudzu chitatuluka, chachikulu ngati chitseko, anthu adaomba m'manja.

"Koma Ndaziona iwe!" adakuwa Emily. "Zonsezi wekha?"

Apa mpamene a Yosefe adamuyandikira.

"Bwanji ndikazimitse jenereta, tione mmene yachiwiriyo ilandire?"

"Musavutike, bambo. Tinayesa kale ku ofesi."

Si kuti lidali bodza lenileni. Makinawo adayesedwadi sabata yapitayo, koma kudali ku phwando la kampani ina yotsatsa mowa watsopano. Kanema wa mpingo Ndaziona adamumaliza Lachisanu, n'kumuika mu seva yoyamba yokha. Yachiwiri idali ikadali ndi za kuphwando kuja. Kufufuta ndi kukopera zatsopano kunkafuna pafupifupi ola lathunthu, ndipo adali atakonza zoti achite zimenezo anthu akachoka. Kunena pamaso pa a Nasoni, pa Emily ndi pa mayi ake kuti ntchito sidathe, sadafune.

"Kuyesa kwa kuno n'kwina, mwanangu. Fumbi, kutentha..."

"Makinawa ndimagona nawo n'kudzuka nawo, bambo," adatero akuseka, ndipo ena adaseka naye. A Yosefe nawo adamwetulira n'kubwerera kumbuyo.

Anthu sadachoke msanga. Aliyense wolowa ankapempha kuti amubwerezere chithunzi chija. Kenako a Febe adamugwira dzanja kuti akapereke moni kwa azakhali omwe adafika kuchokera ku Kasiya. A Yosefe adazimitsa zonse n'kukiya.

M'mawa mwake Ndaziona adakumbukira za seva yachiwiri ija akusita diresi. Adafulumira, n'kufika kutchalitchi kukadali nthawi yokwanira. Koma galimoto za abusa alendo zidali zitayamba kulowa, ndipo mayi ake, ali mu yunifolomu yoyera mbee, adamukokera komweko.

"Abusa, uyu ndi mwana wanga uja. Wa makompyuta uja."

Adagwada kwa abusa asanu, mmodzimmodzi, ndi kwa akazi awo. Aliyense adali ndi funso. Wina adakumbukira bambo ake ku sukulu ya uphunzitsi, nkhani n'kutalika. Akanatha kupepesa n'kuchoka, koma kumva dzina lake likutchulidwa chotero kudamukomera. Belu lachiwiri litalira adayatsa makina onse, nyali zobiriwira n'kuwala pa onse awiri. Adadziuza kuti pa zaka zitatu zomwe wagwira ntchitoyi, seva yoyamba sidamuferepo ndi kamodzi komwe.

Tchalitchi chidadzaza mpaka ena ankasuzumira pa mawindo. Makwaya adaimba, ulaliki udatha, a Nasoni n'kulengeza kanema. Anthu onse adatembenukira ku sikirini. Adaona zithunzi za abusa oyamba. Adaona mayi Rozaria, wamkulu pa onse amene adatsala, akufotokoza mmene amayi ankasenzera madzi kuchokera kudambo kuti amuna aponde dothi la njerwa. Mwini wakeyo adali pa mphasa kutsogolo, atagwira pakamwa, akudziona yekha. Kenako padabwera chithunzi cha aphunzitsi a Davie akutsogolera kwaya, dzanja lili m'mwamba. Ndaziona adaona mayi ake akupukuta m'maso.

Kunja jenereta idatsokomola kawiri, n'kuzima.

Sikirini idangophethira. Seva yachiwiri idalanda monga momwe idapangidwira, osachedwa ndi sekondi yomwe. Pamalo pa aphunzitsi a Davie padatuluka botolo la mowa lalitali ngati munthu, thovu likusefukira. Nyimbo ya m'mabala idaphulika pa sipika. Atsikana atatu ovala timasiketi tosafika pa ntchafu ankagwedeza m'chiuno, mawu a mwamuna akufuula kuti aliyense atsegule lina.

Ana kumawindo adayamba kuseka. Mayi wina adakuwa, "Ambuye!" Abusa wamkulu adavula magalasi n'kuyang'ana pansi.

Ndaziona adadziwa batani loyenera. Adalikanikiza kambirimbiri pa moyo wake. Koma zala zinkangogunda pena paliponse. A Yosefe, omwe adali atanyamuka kuthamangira ku jenereta, adatembenukira pakhomo, n'kudutsa kutsogolo kwa gome liwiro, n'kuzula waya wa sikirini ndi wa sipika. Kudati zii. Zonsezo sizidakwane ndi mphindi imodzi. Chomwe anthu mazanamazana adaona pomaliza chidali a Yosefe ataima pambali pa makina, mawaya ali m'manja, akupuma mwawefuwefu.

Abusa adayambitsa nyimbo, anthu n'kuilandira mozizira. A Yosefe adatuluka, n'kupeza kuti kasefa ka mafuta katsekeka ndi fumbi. Adakatsuka, jenereta n'kuliranso. Koma abusa wamkulu adatumiza mawu kuti za kanema zithere pomwepo. Mayi Rozaria ndi okalamba ena sadaone zotsalazo.

Mapemphero atatha a Nasoni adamupeza Ndaziona kuseri kwa sikirini. Akulu ampingo awiri adali nawo. Nkhope zawo zidali zolimba.

"Mayi, zinthu zimene zija zalowa bwanji m'nyumba ya Mulungu?"

Ndaziona adaona mayi ake ataima poteropo, akumvetsera. Adaona Emily pawindo.

"Inenso ndadabwa, bambo," adayankha motsitsa. "Mwina... mwina wina anagwira makinawa."

Sadatchule dzina. Koma makiyi adali ndi munthu mmodzi, ndipo a Nasoni adatembenuka kuyang'ana kunja komwe a Yosefe ankapukuta manja ndi kasanza. Pomwe anthu ankadya, nkhani idali itamera kale miyendo. Ena ankati mkuluyo adalowetsa fulashi ya mphwake amene amaonetsa mavidiyo pa msika. Ena ankati adachita dala, nsanje poona kuti zokuzira mawu zake zachepa mphamvu.

"Ndimaona ine dzulo mmene amazungulirira makina ako," adatero a Febe. "Usadandaule mwanangu, aliyense wadziwa kuti si iwe."

Madzulo, galimoto ya kuntchito itafika, amene adabwera kudzamuthandiza kulongedza adali a Yosefe omwewo. Adatsitsa naye sikirini. Adakhala pa benchi n'kumakulunga mawaya pa chigongono, mmodzimmodzi.

"Koma yachiwiri ija inalandadi, eti?" adatero. "Sindinaphethire n'komwe. Nzeru zilipo pamenepa."

"Inalanda, bambo."

Adamanga waya wina n'kumuika m'bokosi.

"Ine ndinangozula wa sikirini ndi wa sipika basi, mwanangu. China sindinagwire."

"Ndikudziwa, bambo."

A Yosefe adamuyang'ana, manja atasiya ntchito. Adadikira. Ndaziona adawerama n'kumalimbana ndi chotsekera bokosi chomwe chidali chitatsekeka kale. Dalaivala adaliza hutala. Adanyamula bokosi lomaliza onse awiri, mmodzi uku wina uku.

Lolemba abwana atafunsa, adati zidayenda bwino. Adafufuta za mowa zija asadavule n'komwe jekete. Sabata imeneyo adali ndi msonkhano wa masiku atatu pa hotela ina, ndipo m'mawa uliwonse ankazimitsa seva yoyamba katatu konse, kuyang'ana chomwe chituluke pa sikirini.

"Kodi wayamba kusawakhulupirira makinawa?" adafunsa Wisdom, mnzake wa pantchito.

"Makina alibe vuto," adayankha.

Chakudya sichinkalowa. Akakwera minibasi n'kumva nyimbo ya mtundu uja, ankapempha dalaivala kuti aichepetse. Kawiri adatsegula nambala ya a Nasoni pa foni, kawiri konse n'kuitseka. Ankadziuza kuti nkhani zakumudzi sizichedwa kuzilala, mvula ikangogwa aliyense aganiza za kumunda.

Patatha sabata ziwiri a Febe adaimba foni. Adayamba ndi za mbewu ya mtedza, kenako n'kunena ngati nkhani yabwino.

"A Yosefe aja awalanda makiyi. Awaimitsanso kaye pa ukulu wa mpingo mpaka nkhani yawo ikambidwe. Dzulo anakhala kumbuyo kwenikweni, pa benchi ya ochedwa. Akazi awo a Elizabeti asiya kubwera ku Chigwirizano."

"Iwowo akuti chiyani?"

"Akungoti anazula mawaya basi. A Nasoni anawafunsa kuti ndiye mukunena kuti ndi mwana wa aphunzitsi? Iwo akuti makinawo sawadziwa, sanganenere munthu pa zinthu zomwe sakuzidziwa. Waona kuuma mutu kwake?"



Loweruka Ndaziona adakwera basi ya ku Nsaru, n'kumalizira ndi njinga yamoto. Adapeza mayi ake pakhonde akusenda mtedza wambewu m'lichero. A Febe adadabwa kumuona. Ndaziona sadalowe m'nyumba. Adakhala pansi pomwepo, chikwama chili pamiyendo, n'kufotokoza zonse: za kuphwando la mowa, za ola lomwe sadalipeze, za a Yosefe kupempha kuti ayese iye n'kukana.

A Febe adapitiriza kusenda. Makoko ankathetheka, mtedza n'kumagwera m'lichero.

"Unkadziwa tsiku lomwe lija?"

"Eya, amayi."

"Mmene ndimakuuza kuti usadandaule muja, iwe ukudziwa?"

"Eya."

"Ine ndayenda mudzi wonse uno kumunena munthu uja. Pachitsime. Kumaliro a kwa Chitukula. Pamaso pa mkazi wake." Adaponya makoko pansi. "Munthu amene ananyamula bokosi la bambo ako."

Ndaziona adalira. Mayi ake sadamutonthoze. Adanyamula lichero n'kulowa nalo m'nyumba, n'kuyankhulira momwemo.

"Mawa ukanene wekha. Ine sindikuperekeza."

Lamlungu mapemphero atatha adapempha kuonana ndi akulu ampingo. Adamulowetsa m'kachipinda ka kuseri, momwe abusa ndi amuna asanu ndi mmodzi adakhala mozungulira tebulo. Adagwada pa simenti. Poyamba adayesa kufotokoza za maseva, mmene yachiwiri imaonetsera chilichonse chomwe yapatsidwa. A Nasoni adamudula.

"Za makinazo zisiyeni, mayi. Tingomva chimodzi. A Yosefe anaikamo kanthu?"

"Ayi, bambo. Ndine ndinasiya zinthu zija mmenemo. Iwo anapempha kuti tiyese Loweruka lija, ine ndinakana. Tikanayesa tikanaziona. Mutandifunsa ndinanama."

Mkulu wina adatsokomola. A Nasoni adatseka buku lawo pang'onopang'ono.

"Mwatichimwitsa," adatero. "Ife tonse muno mwatichimwitsa."

Abusa adayankhula modekha, ndipo kudekhako kudamupweteka kuposa kukalipa. Adati nkhaniyi ilengezedwa mumpingo sabata yamawa, dzina lake litchulidwa, chifukwa dzina la a Yosefe nalo lidatchulidwa. Adati akulu awiri apita kwa a Yosefe tsiku lomwelo, koma Ndaziona ayambe wafikako yekha.

Kunyumba kwa a Yosefe adapeza a Elizabeti akutsuka mbale. Adayankha moni wake osadzutsa mutu, osamupatsa pokhala. Adangoloza ndi chibwano kumunsi, kudambo.

A Yosefe adali pa nazale ya fodya, buluku atapinda m'maondo, akuthirira ndi makheni awiri. Atamuona adatula makheniwo. Ndaziona adagwada m'mphepete mwa bedi, mawondo n'kulowa m'matope, n'kunena zomwe adanena kwa akulu ampingo. Adapepesa.

"Dzukani, muda," adatero a Yosefe. Iye sadadzuke, ndipo iwo adakhala pa chitsa.

"Za botolo zija sindinakwiye nazo. Munthu amaiwala. Ine ndinaiwalapo mafuta tsiku la ukwati wa mwana wa abusa." Adathyola kaudzu n'kumakapotokola. "Koma mmene timakulunga mawaya muja, tinali awiriwiri. Panalibe a Nasoni, panalibe mayi anu. Ndinati mwina anena pano. Ndikanangomva basi, zinazo tikanaona pochita."

"Ndinachita mantha, bambo."

"Ndinaona."

"Bwanji simunawauze? Munkadziwa."

"Ndinkaganiza, sindinkadziwa. Komanso ndikanati chiyani? Kuti mwana wa a Davie, wophunzira, wanama, ine wa Sitandade sikisi ndikunena zoona?" Adaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Mdzukulu wanga Zione anabwera kusukulu akulira. Anzake amamuimbira nyimbo ya mowa ija."



"Akuti akubwezerani makiyi," adatero Ndaziona.

"Aasunge kaye. Ntchito yakula kuno, mvula ili pafupi. Tiona chaka chikatha." Adaimirira n'kutola makheni aja. "Mwachita bwino kubwera. Pitani, dzuwa lingakuthereni."

Sadanene kuti amukhululukira, ndipo iye sadafunse. Adakwera mtunda kubwerera, diresi ili ndi matope m'mawondo. Panjira adakumana ndi a Nasoni ndi mkulu wina akutsetsereka. Adapatuka n'kuwasiyira njira.

Kunyumba adapeza mayi ake atavala nsapato, akumanga chitenje chatsopano pamwamba pa diresi.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kwa a Elizabeti. Ndikachoka kumeneko, kwa anaPhiri, kenako kwa amayi a Sofia." Adakoka mfundo ya chitenjecho mwamphamvu. "Iwe wapepesa malo awiri watha. Ine nyumba zomwe ndinalowa ndi zambiri."

"Ndikuperekezeni?"

"Ayi. Kakwere njinga, mawa uli ndi ntchito."

Adatuluka limodzi mpaka pamphambano. A Febe adakhotera kumanzere osatsanzika, akuyenda mwachangu, mutu uli chilili. Ndaziona adaima pansi pa mtengo wa mango kudikira njinga yamoto. Amayi awiri ochokera kuchigayo adamudutsa n'kumupatsa moni mwansangala, wina mpaka kumufunsa za makompyuta ake. Adali asadamve. Adayankha moniwo maso ali pansi.